Masekondi Asanu ndi Anayi a Maliro a Eliness

Tsiku lomaliza limene Nickson anaona mlongo wake Eliness ali moyo, anakangana za buluku. Unali m'mawa wa Loweruka, iye akulongedza chikwama kuti akakwere sitima kubwerera ku koleji ku Mzuzu. Eliness anaima pakhomo, manja ali mbuu ndi chinangwa, akuyang'ana buluku long'ambika m'maondo limene mnyamatayo anavala.

"Iwe Niki, limeneli wakuluma galu kapena unagula chonchi?"

"Ndi sitayelo, asisi."

"Sitayelo ya chiyani? Anthu aziti ku Yofu kulibe singano. Nanga zinyimbo zako zija, anthu amavina kapena amangogwedeza mutu ngati gulo?"

"Mudzazimva pa wailesi."

"Wailesi ya kwa ndani?"

Anaseka, n'kumuponyera jumbo ya usipa wouma. Kudoko sanamuperekeze, anati chinangwa chake chili padzuwa ndipo mbuzi za aneba sizidziwa Mulungu. Nickson anaika mahedifoni m'makutu n'kunyamuka. Ngati Eliness ananenanso kanthu kumbuyo kwake, sanakamve.

Patapita miyezi iwiri, mutu wa masiku atatu unamutenga Eliness. Koleji inathera pomwepo, pakuti amene ankamuphunzitsa ndi geni ya nsomba anali yemweyo.

Usiku wa maliro amuna anakhala panja, amayi ali m'nyumba ndi mtembo. Nickson anakakhala yekha kuseri, atatsamira khoma pansi pa zenera. Misozi inamukana. Cha m'ma 2 koloko, nyimbo za m'buku zitatha ndipo amayi atatopa, m'nyumba munangoti zii. Kenako mawu amodzi anakwera. Anali a mayi wachikulire, okhuthala, osasa pang'ono ngati a munthu wophikira nkhuni zaziwisi. Nyimboyo anali asanaimvepo, ku tchalitchi kapena kwina kulikonse. Dzanja lake linachita zomwe linazolowera: linatulutsa foni, n'kuiika pazenera, n'kuyamba kujambula.

Yonse anaimvera kamodzi kokha, patatha theka la chaka. Chakumapeto kwake kunkamveka mayi ake, a Edith, akukuwa dzina la Eliness, ndipo kukuwa kumeneko sanafune kukumvanso mpaka kufa. Choncho anadula kachigawo koyera ka koyambirira, masekondi asanu ndi anayi, n'kufufuta zotsalazo. Anafufuta pafoni, anafufuta pa laputopu. Chinatsala ndi ichi:

"Dzuka, mwanangu, ngalawa yafika,
funda nsalu yako, tiye..."

Kachigawoko anakazunguliza, chimene anyamata opanga mabiti amati lupu: kakafika kumapeto kamabwerera poyambira, osapuma. Pansi pake anaika ng'oma yolemera ya pakompyuta, pamwamba n'kuikapo rapu yake yowawa, yofunsa Mulungu chifukwa chimene anasiyira zidakwa zonse za pachilumba n'kusankha mayi wanzeru wogulitsa usipa. Nyimboyo anaitcha "Ngalawa". Inali ya mphindi zitatu ndi theka, ndipo mayi wachikulire uja ankati dzuka maulendo makumi awiri ndi anayi.

Inatuluka Lachisanu lina mu Juni, mwera ukuwomba. Mnzake Brandon, amene masana ankaika nyimbo m'mamemori khadi pa kashopu kake ku Chipyela, usiku n'kukhala dijeyi, anaitumiza m'mawa kumasamba a nyimbo a ku Blantyre ndi ku Lilongwe komanso m'magulu onse a WhatsApp amene anali nawo. Madzulo anaiika pa bala. Anthu anakuwa kuti ibwerezedwe. Inabwerezedwa. Pofika pakati pa usiku inali italira kakhumi ndi kamodzi, atsikana akuvina mabotolo ali m'manja, akuimba nawo kuti dzuka mwanangu. Nickson anaima pakona akuonerera anthu akuvina maliro a mlongo wake. Anamva kunyada, kenako manyazi chifukwa cha kunyadako, kenako kunyada kunabwereranso.

"Aise, watulukira!" Brandon anamukuwira kukhutu. "Pulojusa wina wa ku Lilongwe akufunsa kuti gogo akuimbayo ndani. Akuti tim'peze, tim'jambule vidiyo atavala magalasi akuda."

"Sindiwadziwa."

"Bodza! Pa Likoma pano? Munthu akayetsemula ku Khuyu, a ku Yofu amati pepani."

"Sindinawaone. Ndinali panja."

"Chabwino, tiwasaka mawa. Gona konkuno, njinga ilibe mafuta. Mafuta ali pa sitima, sitima ili kwa Mulungu."

"Amayi ali okha."

Ananyamuka nthawi itadutsa 1 koloko. Njira ya ku Yofu ankaidziwa ngati m'kamwa mwake: kukwera kamtunda, kudutsa minda ya chinangwa, kupyola pakati pa miyala ikuluikulu, kenako mlambe wa pamanda, kenako kutsetsereka mpaka kunyumba. Mwezi unali wotsala pang'ono kulowa. Mphepo inkamuwomba kumsana, itanyamula nyimbo yake kuchokera ku bala kuja. Brandon anali ataiikanso. Ng'oma inkagunda pansipansi, du, du, du, ndipo mapazi ake ankatsatira okha.

Atapitirira kamtunda, ng'oma inayamba kuzilala monga ziyenera kukhalira. Pa minda ya chinangwa rapu yake inali itasowa. Pofika pa miyala, ng'omanso inali itatha.

Koma mawu a mayi aja anatsala.

Anaima. Anagwira m'thumba kuona ngati foni yadziyatsa yokha. Inali chete. Anatchera khutu. Mawuwo sankachokera kumbuyo, kumene kunali bala. Ankachokera kutsogolo.

Anadziuza kuti ndi mphepo ikuzungulira m'miyala. Anadziuza kuti mwina wina wa ku Yofu waiika kale pafoni yake. Koma nyimbo yake inali ndi ng'oma, ndipo mawu opanda ng'oma anali pa laputopu yake yokha, m'chipinda chokiya. Anayenda pang'onopang'ono. Mawu aja analeka.

Pansi pa mlambe, pamwala wa m'mphepete mwa njira, panakhala munthu. Mayi wamfupi, wa duku loyera, wopanda nsapato. Manja anali atawaika pamaondo, zikhatho zikuyang'ana kumwamba, ngati wina wangomulanda chimene ananyamula.

"Ndidutse nawo, agogo," Nickson anatero.

"Ndiwe mwana wa Edith."

"Eya, agogo."

"Uja unali pansi pa zenera."

Mawu ake! Okhuthala, osasa pang'ono. Mantha onse anagwa pansi, ndipo Nickson, mowa pang'ono uli m'mutu, anatsala pang'ono kuseka.

"Ndinu munaimba usiku uja? Agogo, ndakhala ndikukufunani! Mawu anu afika ku Lilongwe lero. Anthu akufunsa za inu, akuti..."

"Wandidula pakamwa."



"Kuyambira m'mawa ndikumudzutsa," mayiyo anapitiriza, osakweza mawu, osamuyang'ana. "Ndikati dzuka, akudzuka. Ndikati funda, akufunda. Ndikati tiye... ndikupezeka ndikutinso dzuka."

"Mukudzutsa ndani?"

"Amene ndinamulandira ndi manja awa. Iwe sindinakulandire ine, unabadwira kuchipatala. Koma uyu ndi wanga. Wolandira ndi amene amaperekeza."

Mwera unagwedeza nthambi za mlambe.

"Tinali titapita," anatero mayiyo. "Ndinaimaliza nyimbo usiku uja, n'kumuwolotsa, n'kugona bwino. Pamene unkaimvera wekha m'makutu mwakomo, ankangotembenuka. Ndinati mwana akulira mlongo wake, asiyeni. Koma lero! Lero mwatiitana kuno, mwatiitana uko, mwatiitana kutsidya. Tabwerera. Ndiye njira yobwererera ili kumapeto kwa nyimbo, ndipo kumapetoko sindikufikako."

Nickson sanadziwe ngati akulankhula ndi wamisala. Anafuna kuti akhale wamisala. Anatulutsa foni.

"Imbani yonse, agogo. Imbani mpaka kumapeto, ndijambule. Ndikonza. Mawa lomwe ndikonza."

Mayiyo anamuyang'ana koyamba. Maso ake anali otopa ngati a munthu amene wachezera ndi wodwala sabata yathunthu. Anakoka mpweya.

"Dzuka, mwanangu, ngalawa yafika,
funda nsalu yako, tiye..."

Chibwano chake chinagwedezeka, ngati wina wachikoka ndi chingwe.

"Dzuka, mwanangu, ngalawa yafika..."

Mpweya womwewo. Kusasa komweko, pa liwu lomwelo. Nickson anali atamvera masekondi amenewa kambirimbiri, ndipo ankawadziwa kuposa dzina lake. Pamalo pamene anadula panali kaphokoso kakang'ono, ka "thi", kamene anayesa kukasalaza masiku atatu n'kulephera, mpaka anangokabisa pansi pa ng'oma.

"...funda nsalu yako, tiye..."

Thi!

Kanatuluka pakhosi pa mayiyo.

Foni inagwa m'manja mwake. Sanaitole. Kuseri kwa mlambe, kumene mitanda inayambira, china chake chinasuntha. Udzu unalira. Munthu akudzuka pansi, movutikira. Kenako phokoso la chitenje chikukutumulidwa. Phazi limodzi. Lachiwiri.

Thi!

Munthuyo anagwera pansi.

"Dzuka, mwanangu..."

Udzu. Chitenje. Phazi. Phazi.

Thi!

"Lekani!" Nickson anakuwa. "Agogo, lekani!"

Mayiyo anadzigwira pakamwa ndi manja onse awiri. Mapewa ankagwedezekabe, nyimbo ikumenya m'kati. Kenako inaphwa. Kunangoti zii. Ngakhale mphepo inaima.

"Asisi?"

Anafuna kuzungulira mlambewo koma miyendo inakana. Anafuna kuthawa, inakananso.

"Asisi... ndine."

Mawu anachokera pansi penipeni, ofooka, opanda ngakhale ukali umene ankaudziwa.

"Niki... ndatopa."

Misozi imene inakana pamaliro, inakana pamanda, inakana chaka chathunthu, inabwera yonse nthawi imodzi. Anagwada m'njira, akupapasa m'fumbi kufuna foni. Anaipeza. Anaimbira Brandon. Inaitana, inaitana. Atayankha, choyamba kumveka inali ng'oma, ndipo pamwala paja mayi uja anabuula ngati wabayidwa.

"Thimitsa nyimboyo! Brandon, thimitsa!"

"Ukuti chani? Sindikumva!"

"Thimitsa! Uichotse paliponse!"

"Waledzera iwe? Ndithimitse anthu andiphe? Ndipo ndikathimitsa pano, ku Mzuzu athimitsa ndani? Wina wanditumizira vidiyo, ikulira mu minibasi ya ku Ekwendeni! Anyamata a ku Kobwe aitenga pa memori, awoloka nayo madzulo. Yapita imeneyi, aise. Si yakonso. Kagone, ndiwe sitala!"

Foni inaduka.

Nickson anatsala chogwada. Mayiyo anachotsa manja pakamwa.

"Mawu otsiriza ali ndi iwe," anatero. "Unawatenga pazenera. Bweza."

"Ndinafufuta."

"Unatani?"

"Ndinataya, agogo. Amayi ankakuwa m'menemo. Sindinathe... ndinataya."

Anayembekeza temberero. Akanalilandira, bola likanakhala chinthu choti munthu n'kuchisenza. Koma mayiyo anangokonza duku lake, n'kubwezera manja pamaondo.

"Ndiye tikhala," anatero.

Kutali, kumunsi kwa Yofu, m'nyumba ina ya munthu wosagona msanga, kasipika kanayamba kugunda. Du, du, du. Milomo ya mayiyo inatseguka yokha. Kuseri kwa mlambe udzu unalira.

Nickson anathawa. Anagwa kawiri, n'kudzuka, osacheuka.

Sanagone. Anatsegula laputopu, n'kufufuza foda iliyonse, fulashi iliyonse, memori khadi yakale imene inali m'chitini cha mabatani. Anayesa kapulogalamu kobweza zofufutidwa. Kanamubwezera zithunzi za ku koleji ndi mabiti amene anawataya kalekale. Za usiku uja, ayi. Anatseka maso kuyesa kukumbuka chimene chinkatsatira "tiye". Anali atachimva kamodzi kokha, ndipo m'mutu mwake munangotsala kukuwa kwa mayi ake.

Kutacha, maganizo anabwerera m'malo pang'ono. Anadziuza kuti gogo uja ndi munthu, ali ndi nyumba, ali ndi adzukulu amene amusowa usiku. Mwina nyimboyo yamusokoneza mutu. Akam'peza masana, ali phee, sadzafunika kuimba. Adzangotchula mawuwo limodzilimodzi, iye n'kulemba papepala. Adzatulutsa nyimbo ina, yathunthu, yopanda ng'oma. Adzaipereka yaulere kwa aliyense. Za mawu ena aja, a kuseri kwa mlambe, sanalole kuziganizira.

Anapita kwa mayi Eleanor, amene ankatsogolera amayi a mpingo pa maliro onse a ku Yofu. Anawapeza akusesa pabwalo.

"Nickson, m'mawa uno? Maso afiira bwanji? Ndamva watchuka, adzukulu anga akuti uli m'mafoni."

"Amayi, pa maliro a asisi, ndani anaimba nyimbo zitatha? Cha m'ma 2 koloko."

"Palibe. Tinali titatheratu, ena akusinza chokhala."

"Alipo anaimba. Tamverani."

Anawaveka mahedifoni, n'kuika kachigawo kopanda ng'oma kamene anali atakakopera pafoni m'mawawo. Mayi Eleanor anayamba akumwetulira, poti zinthuzo zinkawayabwa m'makutu. Kumwetulirako kunazima. Tsache linagwa. Anavula mahedifoniwo ngati muli nyerere, n'kukhala pansi pakhonde.

"Ndinayesa ndikulota," ananong'ona. "Usiku uja ndinaimva, ndinayesa ndikulota."

"Ndani?"

"A Dinah. Azamba. Theka la Yofu anawalandira iwo, Eliness yemwe, m'nyumba mwanu momwemo mvula ikugwa. Nyimbo imeneyi ankaimbira okhawo amene anawalandira, akatsogola iwo akadalipo. Ankati mwana amene ndinamulowetsa ndimutulutsa ndekha."

"Mawu ake otsatira ndi otani? Pambuyo pa tiye?"

"Palibe akuwadziwa."

"Amayi, inu mwakhala pa maliro angati? Kumbukirani!"

"Ndikuti palibe, mwanangu. Poyambira ankakweza, tonse tinkamva. Akafika pamenepo ankagwada, n'kuika pakamwa pakhutu pa womwalirayo. Ankati zotsalazo si za amoyo. Mutu wa Eliness unali pansi pa zenera. Ngati foni yako inali pamenepo, inamva zimene ife sitinamvepo." Anamuyang'anitsitsa. "Zili kuti?"

Nickson anaweramitsa mutu. Mayi Eleanor sanafunsenso.

"Ndinakumana nawo usiku," iye anatero. "Akuvutika, amayi. Onse awiri... akuvutika, ndipo ndine. Amakhala kuti? Ndiperekezeni. Ndikawagwadira, andiuze mawuwo pang'onopang'ono. Sangakane. Sanandikalipire n'komwe."

Mayi Eleanor anadzuka, namanga chitenje bwino, n'kuvala masilipasi.

"Tiye."

Anakwera njira ya ku Chipyela, iwo patsogolo, iye pambuyo. Pa nyumba ina mayi wina ankachapa, foni ili pamwala, nyimbo ikulira, iye akuimba nawo. Anamukwezera dzanja Nickson mosangalala. Pa nyumba yachitatu inkaliranso, ili pakati. Kumtunda wina anali akungoiyamba kumene. Mayi Eleanor ankayenda akugwedeza milomo, akupemphera chamumtima.

Nickson ankayang'ana nyumba iliyonse imene ankaiyandikira, akudikira kuti akhotere pakhomo pake. Sanakhote. Nyumba zinatha. Minda inayamba. Atafika pa mlambe, mayi Eleanor anasiya njira. Anavula masilipasi.

"Odi kuno," anatero motsitsa, n'kulowa pakati pa mitanda.

Anapitirira manda a Eliness osaima. Udzu wa pambali pake unali wogona, wopondedwapondedwa. Anakafika kumapeto, kumene mitanda inali yakale, n'kugwada pa wina wa simenti, wopendekeka. Dzina linkaoneka: Dinah. M'munsi mwake ndere zinali zitaphimba. Mayi Eleanor anazipala ndi chikhadabo, n'kusuntha kuti Nickson awerenge yekha.

Anamwalira pa 11 Ogasiti 2004.